Phunziro la Mwezi Uno: Tiveke Nthaka ya Pakhomo ndi Duwa la Periwinkle

Kuwerenga Mawu: Genesis 2:15 ndi Mateyu 6:28-30

Ntchito yoyamba imene Mulungu anapatsa munthu inali yosamalira munda. Ife a kuno ku Mwanza timadziwa kusesa, ndipo mabwalo athu amawala. Koma tsache limachotsa dothi tsiku ndi tsiku, ndipo pamalo otsetsereka ngati athuwa mvula imakokolola lotsalalo. Tikayang'ana nyumba zathu ndi matchalitchi athu, tipeza kuti maziko ena ayamba kuonekera. Nthaka yosavala siikhalitsa.

Kulidziwa duwali

Duwa limene pa Chingerezi amati periwinkle ambiri tili nalo kale. Masamba ake ndi obiriwira monyezimira, maluwa ake ndi apinki kapena oyera, ndipo lililonse lili ndi timasamba tisanu. Kwawo ndi ku chilumba cha Madagascar, ndipo akatswiri amalitcha Catharanthus roseus. Limapirira chilala, limachita maluwa pafupifupi chaka chonse, komanso mbuzi sizilikonda.

Kabzalidwe kake

1. Tibzale mvula ikakhazikika, mu Disembala kapena Januwale.

2. Mbande sitigula. Njere zake zakuda zimagwa n'kumera zokha pansi pa duwa lalikulu. Tizule ndi dothi lake n'kuwokera madzulo.

3. Tisankhe padzuwa, pomwe madzi sadikha. Pachinyontho chambiri mizu imawola.

4. Tisiye masentimita 30 pakati pa mbande. Duwali siliyanga ngati mbatata, choncho limaphimba nthaka pokhapokha labzalidwa mothithikana.

5. Likafika kutalika kwa chikhatho, titsine nsonga kuti lichite nthambi zambiri.

6. Pamalo otsetsereka mizere ikhale yopingasa. Ngati ndi potsetsereka kwambiri, kumtunda kwake tibzale udzu wa vetiva, chifukwa duwa lokha silingaimitse madzi othamanga.

Mankhwala obisika m'duwali

Anthu a ku Jamaica ankamwa madzi a masamba ake pofuna kuchiza matenda a shuga. Akatswiri awiri a ku Canada, a Robert Noble ndi a Charles Beer, atafufuza nkhaniyi sanapeze mankhwala a shuga. M'malo mwake, mu 1958 analengeza za mankhwala a khansa otchedwa vinblastine. Kenako kunapezeka enanso otchedwa vincristine, amene anavomerezedwa ku America mu 1963. Mankhwala achiwiriwa athandiza ana ambiri odwala khansa ya m'magazi, ndiponso khansa yotupitsa nsagwada kapena mimba yotchedwa Burkitt lymphoma, imene ana athu amalandirira chithandizo ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre.

Chenjezo

Apa timvetsetsane bwino, amayi. Duwali ndi lapoizoni, kuyambira mizu mpaka maluwa. Mankhwala aja amayengedwa ku fakitale kuchokera ku masamba ochuluka zedi, ndipo dokotala amabaya mumtsempha ndi muyeso wake. Kuwiritsa masamba pakhomo sikuchiza khansa kapena shuga, koma kukhoza kuvulaza wodwalayo ndi kumuchedwetsa kupita kuchipatala. Mayi woyembekezera asayerekeze n'komwe. Tikaona chotupa chokula msanga pa mwana, tithamange naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ana tiwaletse kutafuna maluwa posewera masanje, ndipo tikagwira utomoni wake tisambe m'manja ndi sopo.

Phunziro kwa ife

Ambuye Yesu anatiuza kuti tiphunzire ku maluwa a kuthengo. Duwa ili timalipitirira osaliyang'ana, koma Mulungu anaikamo chopulumutsa ana. Mothers' Union nayonso inayamba mochepa mu 1876, pamene Mayi Mary Sumner anaitana amayi a parishi imodzi ya Old Alresford ku England. Tisapeputse mayi wosauka kapena wokalamba pagulu lathu.

Mafunso okambirana

1. Ndi pati pa tchalitchi chathu pamene nthaka ikukokoloka, ndipo adzabweretse mbande ndani?

2. Tingamulangize bwanji mwachikondi mnansi amene akumwetsa wodwala masamba amenewa?

Pemphero

Atate wakumwamba, tiphunzitseni kusamala nthaka imene munatipatsa, ndi kuteteza ana athu, mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.