Namwino wa kufiyeta ndi wa m'wodi: woposa ndani?

Funso: Mwana wanga akuphunzira unamwino. Kodi ntchito ya kufiyeta imaposa ya m'wodi? Mayi wa ku Mbayani, Blantyre.

Yankho: Mayi, palibe yoposa inzake, udindo ndiwo umasiyana. Kuchipatala cha Gulupu, kuphatikizapo kuchipatala cha ana cha Mercy James chomwe chidatsegulidwa mu 2017, namwino wa kufiyeta amakonza zida zopanda majeremusi, amapatsira dokotala, ndiponso amawerenga singano ndi nsalu zopukutira magazi kuti china chisatsalire m'thupi mwa wodwala. Wa m'wodi amasamalira odwala ambiri usana ndi usiku: amapereka mankhwala, amatsuka mabala, amayeza kutentha kwa thupi ndi kuthamanga kwa magazi. Ena amati moyo umapulumukira kufiyeta. Komatu opaleshoni ikatha, wodwala atha kutaya magazi kapena bala kuchita mafinya, ndipo woyamba kuzindikira amakhala wa m'wodi. Mwana wanuyo alawe mbali zonse akali pasukulu, kenako asankhe.