Galu wamkota sakandira pachabe

Sheba anayamba kugona m'nyumba chaka chimene akuba anathera agalu a mumzere wina wa nyumba ku Area 25 mu Lilongwe. Usiku ankaponya nyama yothira tameki kudumphitsa mpanda, m'mawa anthu n'kupeza galu ali gone pafupi ndi geti, thovu lili kukamwa. Bambo a Chisomo ataona kuti zachitika kwa aneba awo mbali zonse ziwiri, analamula kuti galu wawo, Sheba, azilowa kukangoda. Anamuyalira chiguduli pakolido, pafupi ndi chitseko cha kukhitchini.

Kwa zaka 6 panalibe wodandaula. Akafuna kukadzithandiza, Sheba ankakanda chitseko, wina n'kumutsegulira, iye n'kuzungulira kuseri kwa nthochi, n'kubwerera pachiguduli pake. Alendo ankachita kudabwa kuti m'nyumba yogona galu mulibe ndi kafungo komwe.

M'mawa wina mwezi wa October, mayi a Chisomo akupita kukatereka madzi a tiyi anaponda ponyowa. Chithaphwicho chinali chachikulu, choyera ngati madzi, chosanunkha kwenikweni, moti anaganiza kuti ndi firiji yasungunuka magetsi atazima. Mawa lake anapezanso china, magetsi asanathimepo. Tsiku lachitatu zithaphwi zinali ziwiri, ndipo wolakwa anadziwika.

"Galu ameneyu wakhuta," anatero bambo a Chisomo. "Tamuzoloweza moyo wapamwamba, ndiye wayamba mwano."

Mayi a Chisomo anatembenukira mtsikana wantchito. "Iwe, madzulo ukumamutulutsa koma?"

"Ndikumamutulutsa, amayi. Kungoti masiku ano akumwa madzi kwambiri. Mbale yake ija ndikumachita kudzaza kanayi."

"Nanga kutentha konseku asamwe? Kolopa apo."

Agogo, amene anabwera kuchokera ku Dedza kudzaonetsa maso kuchipatala, anangopukusa mutu. Kwawo malo a galu ndi pakhonde kapena paphulusa, ndipo zoti galu wamkulu azikodza pamene pagona anthu iwo anati ndi malodza. Pa anthu onsewa, amene ananena mawu othandiza anali mtsikana uja, koma mawu ake anapita ndi chikolopa.

Kunalinso chizindikiro china. Usiku Sheba ankakanda chitseko katatu kanayi, pamene kale kamodzi kankakwana. Anthu otopa ndi ntchito ankangokuwa ali pabedi kuti, "Gona iwe!" Makolo anati galu wamkota sakandira pachabe, koma m'nyumba imeneyi kukanda kwake kunawerengedwa ngati phokoso losokoneza tulo.

Bambo a Chisomo anachita zimene ambiri tinakula tikuona. Ankamugwira pakhosi, kumukokera pachithaphwi, kumukanikiza mphuno mumkodzo, silipasi n'kulira. Pasanathe sabata, Sheba akangomva chitseko cha kuchipinda chikutseguka ankaweramitsa mutu, makutu atagona, mchira uli pakati pa miyendo.

"Mwaona, mayi a Chisomo? Akudziwa kuti walakwa."

Sankadziwa. Galu amalumikiza chilango kapena mphotho ndi chimene akuchita nthawi yomweyo. Mkodzo wa 2 koloko usiku ndi silipasi ya 6 koloko m'mawa, m'mutu mwake sizikumana. Chimene Sheba anaphunzira n'chakuti pansi pakanyowa, bamboyu n'kutulukira, pamakhala zowawa, ndipo kuwerama kuja kunali kuchonderera. Anaphunziranso kukakodza kobisika. Zithaphwi zinachoka pakolido n'kupita kuseri kwa sofa, pakapeti, kumene zinkadziwika ndi fungo patapita masiku. Kukanda chitseko anasiyiratu.

Sabata yachiwiri kunabwera lamulo latsopano. "Ikakwana 4 koloko madzulo mbale ya madzi muzichotsa. Wosamwa akodza chiyani?" Zinkamveka zanzeru. Sheba anayamba kunyambita pansi pa mpopi wodontha ndi kumwa madzi a sopo otsala m'beseni lochapira, ndipo tsiku lina Chisomo anamupeza mutu uli m'toileti. Zithaphwi sizinathe. Pomaliza anamutulutsa n'kukamumanga patcheni kuseri kwa nyumba. M'nyumba munayera, fungo linatha, aliyense anapuma kuti vuto lapita. Chimene chinapita ndi chizindikiro chokha. Matenda anapita naye kuseriko, kumene kunalibenso womuona.

Kumeneko anasiya kudya. Nsima ya mgaiwa yosakaniza ndi bonya, imene ankaimaliza womupatsa asanatembenuke, inkaswera pomwepo ntchentche zili ng'waa. Mimba inayamba kukula, ndipo popeza kumayambiriro kwa September anali pa nthawi yake yofuna amuna, onse anati ali ndi bere. Atayamba kusanza, bambo a Chisomo anamumwetsa Brufen pomubisira m'buledi, osadziwa kuti mankhwala amenewa kwa galu amatupula zilonda m'mimba ndi kuwononga impso. Loweruka m'mawa Sheba analephera kudzuka. Chisomo analira mpaka bambo ake anamunyamula galuyo n'kumugoneka kumbuyo kwa galimoto.

Dokotala wa ziweto anatukula mlomo wa galuyo n'kuona nkhama zotuwa, zouma. Anatsina chikopa cha pamsana n'kuchisiya, ndipo chinakhala chiimire osabwerera. Kenako anafunsa. Kodi anatsekedwa kuti asabereke? Ayi. Nthawi yofuna amuna anamaliza liti? Nanga madzi akumwa bwanji? Funso lomalizali bambo a Chisomo analibe nalo yankho, mpaka anaimba foni kunyumba.

"Patha masabata atatu chiyambire kumwa kwambiri, abwana," anayankha mtsikana uja. "Amayi ndinawauza."

Dokotala ataunika mimbayo anati, "Bambo, muno mulibe ana. Ndi mafinya okhaokha."

Matendawa madokotala amawatchula kuti pyometra, ndipo ndi mafinya odzadza m'chiberekero. Amakonda kugwira agalu aakazi osatsekedwa, makamaka achikulire, pakapita mwezi umodzi kapena iwiri chithere nthawi yofuna amuna. Pa nthawiyi thupi limakhala litakonza chiberekero ngati muli bere, ndipo tizilombo tikalowamo timaswana mosavuta. Khomo la chiberekero likakhala lotseguka, mafinya amatuluka ndipo mwini galu amaona. Likatsekeka palibe chotuluka, mimba imangotupa. Poizoni wa tizilomboto amalowa m'magazi n'kulepheretsa impso kusunga madzi m'thupi, choncho galu amakodza kwambiri mkodzo wosungunuka, ndipo amamwa kwambiri pofuna kubwezeretsa. Sheba sankakodza chifukwa chomwa kwambiri. Ankamwa kwambiri chifukwa thupi lake linkataya madzi, ndipo kumuchotsera mbale kuja kunali kumuumitsa. Si matenda achilendo ayi. Kafukufuku wa ku Sweden wofalitsidwa mu 2001 anapeza kuti pafupifupi galu mmodzi mwa agalu anayi aakazi osatsekedwa amadwala matendawa asanakwanitse zaka 10.

Anamuika diripi n'kumuchita opaleshoni masana omwewo. Chiberekero, chimene mwa galu wabwinobwino chimakhala chowonda ngati pensulo, chinadzadza beseni. Opaleshoni inatheka, koma impso zinali zitafooka kale, ndipo Sheba anafa usiku wake. Dokotala sanabise: agalu ambiri ochitidwa opaleshoniyi msanga amachira, ndipo uyu akanabwera sabata ya chithaphwi choyamba, mwayi wake unali waukulu.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Galu wamkulu amene wakhala waukhondo zaka zambiri sadzuka tsiku limodzi n'kuiwala khomo. Chipongwe, kubwezera ndi mwano ndi nkhani za anthu. Akayamba kuipitsa m'nyumba, chinachake chasintha m'thupi mwake kapena pakhomopo, ndipo poyambira ndi m'thupi.

Mkodzo womwewo umanena zambiri kwa wouyang'ana asanakolope. Zithaphwi zikuluzikulu zoyera, galu n'kumamwa mosalekeza, zimaloza ku matenda a shuga, a impso kapena a chiberekero aja. Galu wa makilogalamu 20 amamwa madzi pafupifupi lita imodzi patsiku, nyengo yotentha n'kupitirirako, koma akamadutsa malita 2 tsiku ndi tsiku pali vuto. Kuyeza kwake n'kosavuta: dzazani mbale ndi botolo lodziwika kukula kwake, mawa muone otsala. Timadontho tating'onoting'ono pafupipafupi, galu akuchita kudzikakamiza, mwina mkodzo uli ndi magazi, ndi chizindikiro cha matenda kapena timiyala m'chikhodzodzo. Wamwamuna akamadzikakamiza osatuluka kanthu, musadikire kuti kuche. Mukapeza ponyowa pamene anagona, iye osadziwa n'komwe, ndiye kuti minofu yotseka chikhodzodzo yafooka, zimene zimachitika mwa agalu aakazi achikulire, makamaka otsekedwa, ndipo mankhwala ake alipo. Galu wokalamba akhoza kukhala ndi nyamakazi, moti kudzuka ndi kutsika masitepe kumamutengera nthawi mpaka zimamupitirira. Ena ukalamba umawasokoneza mutu, n'kumaima pakona osadziwa kumene kuli chitseko. Ikakhala nkhani ya chimbudzi, ganizirani za njoka zam'mimba, chakudya chosinthidwa mwadzidzidzi, kapena zotsala zamafuta ambiri za paphwando.

Popita ku vetenale tengani mkodzo wa m'mawa womwewo m'kabotolo koyera, ndi chimbudzi pang'ono m'kajumbo. Ku Lilongwe kuli LSPCA, ku Blantyre kuli BSPCA, kulinso madokotala oyima paokha, ndipo m'maboma muli maofesi a zaziweto. Madzi musamumane ngakhale tsiku limodzi, ndipo mankhwala a anthu opha ululu musamupatse. Galu wamkazi amene simukufuna kuti azibereka, kumuchotsa chiberekero akadali wathanzi kumatseka njira ya matenda amene anapha Sheba. Jakisoni wolera ndiye amawonjezera chiopsezo chake.

Dokotala akanena kuti m'thupi muli bwino, yang'anani pakhomo. Galu wamwamuna wothira timikodzo pamiyendo ya tebulo, pamakatani kapena pachikwama cha mlendo akuika chizindikiro cha malo ake, ndipo zimakula kukabwera galu wina kapena kwa aneba kukakhala wamkazi wofuna amuna. Kuthena kumachepetsa khalidweli mwa agalu ambiri, ngakhale si onse. Wina amaipitsa chifukwa cha mantha a mabingu kapena makombola a pa Khirisimasi, wina chifukwa chosiyidwa yekha pamene anazolowera anthu. Wina alibe vuto lililonse, kungoti eni ake amachoka 6 koloko m'mawa n'kubwera usiku. Galu wamkulu amafunika kutuluka katatu mpaka kasanu patsiku, ndipo kumutsekera kupitirira maola 8 ndi kumulakwira. Nayenso galu wokulira panja, amene mwangoyamba kumulowetsa poopa akuba, sanaphunzirepo kuti pabalaza si pabwalo.

Onsewa mankhwala awo ndi kuphunzitsa kuyambira pachiyambi. Mutulutseni pachingwe akangodzuka, akangodya ndiponso musanagone, malo amodzimodzi nthawi zonse. Imani naye mpaka amalize, ndipo akangomaliza mupatseni kanyama kapena kausipa pomwepo, osadikira kuti mulowe m'nyumba. Chakudya chizibwera pa nthawi yake kuti m'mimba namonso muziyenda pa nthawi yake. M'nyumba akhale pamene diso lanu likufika, ndipo mukachokapo akhale malo aang'ono osavuta kukolopa, chifukwa galu sakonda kuipitsa pogona pake. Mukamupezerera ali mkati mochita, muitaneni mofatsa n'kutuluka naye. Mukapeza atachita kale, kolopani mwakachetechete. Zimatenga masabata, ndipo aliyense wa pakhomo ayenera kutsata dongosolo lomwelo.

Kukolopa nako kuli ndi nzeru yake. Mphuno ya galu imamva fungo limene ife tasiya kulimva, ndipo pamene panunkha mkodzo iye amati ndi pachimbudzi. Yambani mwaumitsa ndi nyuzipepala kapena nsanza, mutsuke ndi madzi ofunda a sopo waufa, mutsukuluze, mupakepo viniga wosungunula, ndipo pakauma muwaze soda. M'masitolo ena muli mankhwala opangidwira mkodzo wa ziweto, ndipo amachotsa fungo kuposa zonsezi. Mankhwala okhala ndi amoniya apewedwe chifukwa fungo lake limafanana ndi la mkodzo. Jik asathiridwe pamkodzo wosakolopa kapena kusakanizidwa ndi viniga, chifukwa amatulutsa mpweya wotsamwitsa. Pakhomo pakakhala mwana wokwawa, chimbudzi cha galu chichotsedwe tsiku lomwelo, popeza mazira a njoka zam'mimba amakhwima pakapita masabata angapo ndipo amatha kudwalitsa ana. Galuyo azimwa mankhwala a njoka miyezi itatu iliyonse.

M'nyumba zambiri za m'tauni, amene amadziwa kuti galu wamwa madzi ochuluka bwanji, wadya kapena ayi, wachita chimbudzi chotani, si mwini nyumba. Ndi wantchito, mlonda kapena mwana. Tsiku limene mwapeza chithaphwi choyamba, afunseni anthu amenewa chimene chasintha, mumvetsere yankho lawo mpaka kumapeto, ndipo galuyo akaonedwe ndi dokotala sabata isanathe. Akakhala kuti wasiya kudya, akusanza kapena mimba yatupa, pitani naye tsiku lomwelo.