Ndinamuzemba mwana wanga pa geti

Mwana wanga wachisamba atakwanitsa zaka zitatu ndi theka, ndinaona kuti nthawi yoti ayambe sukulu ya mkaka yakwana. Tinkakhala m'nyumba ya lendi ku Ndirande, chakumtunda kwa msika. Ine ndinkagulitsa kaunjika, bambo ake ankalawirira ku ntchito ku Limbe, ndiye mwanayo ankaswera pakhomo ndi agogo ake, apongozi anga. Sukulu zinkatsegulira mu Seputembala, koma ine pofika mu Julayi ndinali kale pa kalikiliki.

Ndinasoketsa yunifolomu kwa telala. Ndinagula nsapato zakuda, masokosi oyera, lamba, kachikwama kokhala ndi chithunzi cha galimoto, ndi kakontena koikamo chakudya cha pa buleki. Madzulo alionse ndinkamukhazika pa mkeka n'kumamuloweza zilembo za Chingerezi ndi manambala mpaka 20. Akalakwitsa ndinkamukalipira. Kukabwera alendo ndinkamuimiritsa kuti awerenge, iwo n'kumaomba m'manja, ine mtima uli m'malo kuti mwana wanga wapsa.

Koma panali mawu ena amene ankangotuluka pakamwa panga osawaganizira. Akakana kusamba ndinkati, "Dikira uyambe sukulu, aphunzitsi akakukwapula." Akatayira dala phala ndinkati, "Ndikakusiya kusukulu, sindidzabweranso kudzakutenga." Anzanga ena amaopseza ana ndi jakisoni, ena ndi apolisi. Ine ndinali nditapeza choopsezera changa, ndipo chinkagwira ntchito: mwana ankangoti zii, n'kulowa m'beseni.

Tsiku lina tikusankha nyemba pakhonde, apongozi anandiyang'ana n'kunena kuti, "Inu apongozi, kumalo kumene mukufuna kukamusiya mwana musamaikeko fisi. Odzavutika ndinu nomwe."

Ndinayankha kuti, "Ndamva, amayi," koma mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Lolemba lotsegulira sukulu tinafika pa geti cha m'ma 7 koloko. Mwanayo anali asanapondepo pamalopo. Ine ndinali nditapitako ndekha kawiri, kukalembetsa ndi kukalipira fizi, osaganiza zomutenga kuti akaone. Atangoona ana ena akulira, anagwira chitenje changa ndi manja onse awiri. Aphunzitsi anayesa kumunyengerera, iye n'kubisa nkhope m'miyendo mwanga. Nthawi inkapita, ndipo pamsika anzanga anali atayala kale. Ndinagwada n'kumuuza kuti, "Khala apa, ndikukagula mandasi. Ndibwera pompano." Atangotembenuka kuyang'ana mpira umene aphunzitsi anamuonetsa, ndinazemba, osacheuka.

Cha m'ma 10 koloko foni inalira. "Mayi, kodi mwana wabwera kumeneko?" Miyendo inazizira. Pa nthawi ya buleki munthu wina wobweretsa madzi anasiya geti losatseka, ndipo aphunzitsi awiri okha sakanatha kuona mutu wa mwana aliyense. Ndinasiya katundu pa benchi osauza ndi mnzanga yemwe, n'kuyamba kuthamanga. Amene amaidziwa Ndirande akudziwa zimene zinkabwera m'mutu mwanga: maminibasi, njinga zamoto za kabaza zodutsa mothinana, tinjira tokhotakhota pakati pa nyumba, ndi mtsinje wa Nasolo. Ndinafunsa ogulitsa makala, ometa tsitsi, ana osewera m'njira. Aliyense ankangopukusa mutu.

Patatha pafupifupi ola, mnyamata wina anafika kusukulu kuja atatumidwa ndi mayi wogulitsa mandasi m'mphepete mwa msewu. Mayiyo anazindikira yunifolomu. Nditafika ndinapeza mwana wanga atakhala pa kampando pafupi ndi beseni la mandasi, kabudula atanyowa, nsapato imodzi palibe.

Mayiyo anati, "Achemwali, mwana wa mnzako ngwako yemwe, n'chifukwa chake ndamugwira. Wakhala ataima pano kuyang'ana aliyense wodzagula. Ndamufunsa dzina, wanditchulira la masewera. Ndamufunsa dzina la mayi ake, akuti ndi amama. Ndamufunsa kumene amakhala, akuti kunyumba. Chimene akubwereza n'chakuti amama apita kukagula mandasi."

Mwana amene ankawerenga mpaka 20 m'Chingerezi sankadziwa dzina lake lonse, la bambo ake, ngakhale la dera limene tinkakhala. Anadzinyowetsa chifukwa sankadziwa kuti chimbudzi chili pati, ankaopa kufunsa aphunzitsi amene ine ndinamuuza kuti amakwapula, komanso lamba watsopano uja sankatha kumasula yekha. Kakontena kanali m'chikwama kosatsegula, chifukwa chivundikiro chake chinali cholimba kwa timanja take. Nditamunyamula sanalire. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Munati mubwera pompano." Tili m'njira anawonjezera chapansipansi, "Ndimayesa simubweranso."

Ndinakumbukira kuti mawu amenewo anali anga. Iye anangowasunga.

Zotsatira zake zinatenga miyezi. Anayambiranso kukodza pogona, chinthu chimene anali atasiya kalekale. Akaona yunifolomu pa chingwe ankadandaula m'mimba. Ndikangonyamuka, ngakhale kupita kukatunga madzi, ankanditsatira akulira. Fizi ya teremu yonse inapita pachabe, chifukwa bambo ake anagamula kuti mwanayo ayambe wapuma mpaka Januwale. Apongozi sanandikumbutse zimene ananena tsiku la nyemba lija, ndipo kukhala chete kwawoko kunandipweteka kuposa kundidzudzula.

M'miyezi imeneyo tinayambiranso. Zilembo ndinaziika pambali, poti mwana amayamba Sitandade 1 ali ndi zaka 6, ndipo nthawi yoziphunzira inalipo yambiri. M'malo mwake tinkasewera kufunsana: dzina lako ndani, bambo ako ndani, umakhala kuti? Anaphunzira kuvula ndi kuvala kabudula wa lasitiki, kunena kuti "ndikufuna kupita kuchimbudzi" mosachita manyazi, kusamba m'manja ndi sopo, kutsegula kakontena kake ndi kudya yekha. Tinayamba kumugoneka msanga kuti azidzuka wosanyinyirika. Ndinkamusiya kwa mnansi kwa ola limodzi nditamutsanzika bwinobwino, n'kubwera pa nthawi imene ndanena. Ndinatenga buku lake la kusikelo n'kukaonetsa kuchipatala kuti atsimikize ngati katemera yense anakwana, kuphatikizapo wachiwiri wa chikuku amene amaperekedwa mwana akafika miyezi 15, poti pamene pasonkhana ana ambiri matenda sachedwa kufalikira.

Kusukulu tinapitako katatu asanayambe. Anapereka moni kwa aphunzitsi, anaona chimbudzi, anakhala pa kampando kake. Nanenso ulendo uno ndinayang'ana zimene poyamba sindinazilabadire: ndani amatseka geti, mphunzitsi mmodzi ali ndi ana angati, ndipo amalola ndani kudzatenga mwana. Tsiku loyamba mu Januwale analira ndithu. Ndinamuuza zoona: "Ndikupita kumsika. Mukamaliza kudya n'kuimba nyimbo, undipeza pa geti pano." Ndinatsanzika akundiona, ndipo poweruka anandipeza nditaima pomwepo. Pofika Lachisanu ankalowa yekha akuthamanga.

Si pachabe kuti maphunziro a ana aang'onowa timawatchula kuti a m'mera mpoyamba. Kaya mwana akupita kusukulu ya mkaka yolipira m'tauni, kaya kwa alezi odzipereka kumudzi kumene ana amasonkhana m'kachipinda ka tchalitchi n'kumwa phala, chimene amanyamula tsiku loyamba ndi zimene wakhala akumva pakhomo. Ngati mwakhala mukumuuza kuti aphunzitsi amakwapula, sadzawafunsa kanthu ngakhale atapanikizika. Ngati mumunamiza kuti mubwera pompano, adzanyamuka kukakufunani. Ine ndinachita mwayi kuti anakaima pa mayi wachifundo, ndipo sanadumphe msewu.

Lero mwana uja ali ku pulayimale, ndipo sukulu amaikonda. Koma mpaka pano ndikamatuluka n'kunena kuti ndibwera pompano, amasiya zimene akuchita n'kufunsa kuti, "Amama, pompano wake nthawi yanji?" Ndimayang'ana wotchi n'kumuuza ola lenileni.