Kodi Nyenyezi Zingakuuze Mnzako ndi Mdani Wako?



Sabata yatha mlongo wina anatitumizira screenshot. Analemba mu app ina tsiku, nthawi ndi malo amene anabadwira, ndipo yankho linati m'nyumba yake ya 12 muli Saturn, choncho ali ndi mdani wobisika pakati pa anthu ake apafupi. Usiku womwewo anamupanga block msuweni wake yemwe amagulitsa naye nsomba ku Bangula. Funso lake linali lakuti: "Kodi ndalakwitsa?" Tiyeni tiphunzire limodzi.

Nyumba zimenezi n'chiyani?

Oombeza ndi nyenyezi amagawa thambo m'magawo 12, kuyambira kum'mawa, malinga ndi mmene linalili pa nthawi imene munthu ankabadwa. Gawo lililonse amalitcha nyumba. Amati nyumba ya 7 ndi ya banja, ochita nawo geni komanso adani oonekera. Ya 11 ndi ya abwenzi ndi ziyembekezo. Ya 12 ndi ya adani obisika, ndende ndi zowawa.

Izi sizinayambe ndi TikTok ayi. Zinachokera kwa Agiriki akale, ndipo zinafika mpaka ku Baghdad, kumene Abu Ma'shar, yemwe anamwalira mu 886, analemba mabuku ake. Koma maulama ngati Ibn al-Qayyim ndi Ibn Khaldun anazitsutsa poyera. Choncho wina akakuonetsa buku la Chiarabu la nyenyezi, sindiye kuti ndi Chisilamu.

Taonaninso kufooka kwake. Thambo limazungulira, moti pakadutsa maola pafupifupi awiri, pulaneti yomwe inali m'nyumba ya 12 imapezeka mu ya 11. Ambirife tikafunsa mayi amangoti "unabadwa m'bandakucha." Ndiye ukaphonya nthawi pang'ono, amene app imati mdani wasanduka bwenzi. Ubale ungathere zimenezo?

Deen yathu ikuti chiyani?

Kuphunzira zakumwamba sikoletsedwa. Timayang'ana mwezi wa Ramadhan, timadziwa nthawi za swala ndi dzuwa, ndipo Surat Al-An'aam ndime 97 ikutiphunzitsa kuti nyenyezi zimathandiza kupeza njira mumdima. Choletsedwa n'kuzifunsa zobisika, chifukwa Surat An-Naml ndime 65 ikutsindika kuti ghaib amaidziwa Allah yekha. Kukhulupirira kuti pulaneti ili ndi mphamvu yoyendetsa moyo wako ndi shirk.

Tsiku limene Ibrahim, mwana wa Mtumiki (SAW), anamwalira, kunachitika kadamsana. Anthu anati dzuwa lada chifukwa cha malirowo. Mtumiki, ali pachisoni chomwecho, anawakonza: dzuwa ndi mwezi ndi zizindikiro za Allah, sizida chifukwa cha imfa kapena moyo wa munthu. Ngati thambo silinalankhule za mwana wa Mtumiki, lingalankhule za msuweni wako?

Choopsa chenicheni

Nyumba ya 12 sikupatsa dzina. Imangokuuza kuti mdani alipo, dzinalo umaikapo wekha. Amene anachedwa kubweza ngongole, amene sanayankhe meseji, basi ndi yemweyo. Kumeneku n'kuganizira anthu zoipa komwe Surat Al-Hujuraat ndime 12 ikutichenjeza. Ndi matenda omwewo a kuombeza kwa sing'anga, angosamukira m'foni. Tikudziwa kuti m'Malawi muno agogo ena amenyedwa, ena kuphedwa kumene, chifukwa chongolozedwa chala kuti ndi mfiti.

Ife a ku Nsanje tinaphunzira kale mmene bwenzi amadziwikira. Namondwe Freddy atafika mu March 2023, madzi a Shire atasefukira, amene anabwera ndi bwato kapena kukugawira ufa kukampu sanafunse kuti unabadwa nthawi yanji. Ena mwa iwo ndi anthu omwe sitinkalankhulana nawo.

Komanso udani si chidindo chobadwa nacho. Khalid ibn al-Walid anamenyana ndi Asilamu pa Uhud mu 625, koma patapita zaka zochepa analowa Chisilamu nadzatchedwa Lupanga la Allah. Surat Fusswilat ndime 34 ikutiphunzitsa kuti kubwezera zabwino kumatha kusandutsa mdani kukhala bwenzi la pamtima.

Ndiye tichite chiyani? Mnzako muyeze ndi zochita zake: amakukumbutsa swala? Amasunga chinsinsi? Ukalakwa amakuuza pamaso? Ngati uli ndi mantha, werenga Ayatul Kursi, Al-Falaq ndi An-Naas m'mawa ndi madzulo. Ngati wina wakulakwiradi, kambiranani, kapena itanani Sheikh.

Kwa mlongo wathu uja: fufutani app, chitani tawba, ndipo muimbireni msuweni wanu lero lomwe.

Allah atipatse abwenzi otiyandikitsa kwa Iye, ndipo ayeretse mitima yathu. Aameen.