Malangizo: Tsamba Likakana Kukulowetsani

Inu alimi a mpunga ndi asodzi a ku Lifuwu, ambiri mumalowa pa masamba a intaneti kudzera pa akaunti ya Google kapena Facebook. Tsiku lina tsamba likukana, likuti latumiza nambala yachinsinsi, koma uthenga osafika.

Choyamba, onetsetsani kuti mukulowa ndi akaunti imene munalembetsera poyamba.

Kawirikawiri uthengawo umapita ku simukhadi yakale, mwina imene inagwera m'nyanja. Ngati ndi choncho, pitani ku ofesi ya kampani ya foni yanu ku Salima, mutanyamula chiphaso cha unzika, akakubwezereni nambala ya foni yomweyo. Yomweyo, osati yatsopano.

Uthenga ukafika, musauze aliyense nambala yachinsinsiyo, ngakhale wotchaja mafoni pamsika.

Ndibwereze: akaunti yomweyo, nambala yomweyo, ndipo chinsinsi chikhale chanu nokha.