Kusankha Galu Wosaka Amene Angakhalenso Bwino Pakhomo

Galu wa mlenje amakhala kuthengo maola owerengeka chabe. Nthawi yotsalayo amakhala pakhomo, pakati pa ana, nkhuku ndi mbuzi. N'chifukwa chake alangizi ayenera kukumbutsa alimi kuti liwiro ndi luso lonunkhiza nyama si zokwanira posankha galu.

Mlimi asanatenge kagalu, ayambe waona make. Ngati make amauwa mlendo koma n'kuleka mwini wake akamuletsa, ndiponso nkhuku zimadya pafupi naye osathawa, kawirikawiri ana ake amatengera khalidwe lomwelo. Kagalu kachoke kwa make katakwana masabata 8, ndipo kazolowere ana ndi ziweto kasanafike masabata 12. Kakakula kasanazolowere, mantha ndi ukali zimavuta kuchotsa.

Agalu amakolo, amene ku South Africa amatchedwa Africanis, amapirira kutentha ndi matenda a nkhupakupa kuposa agalu ambiri ochokera kunja. Rhodesian Ridgeback, mtundu umene unakhazikitsidwa ku Bulawayo mu 1922, ndi wamphamvu, koma amadya kwambiri. Banja limene nkhokwe yake imatha mu Januwale silingamukwanitse. Chizolowezi chomana galu chakudya kuti asake mwaukali n'cholakwika, pakuti galu wanjala amayambira mazira ndi anapiye a pakhomo pomwepo.

Choopsa chachikulu ndi chiwewe. Galu wosaka amakumana ndi nkhandwe ndi agalu osochera, kenako n'kudzasewera ndi ana. Abayidwe katemera akakwana miyezi 3, ndipo azibayidwanso chaka chilichonse. Mwana akalumidwa, bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, ndipo makolo apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.