Timawu tinayi ta Chingerezi totayitsa kasitomala

Ogula ena a m'mahotela ku Lilongwe amaitanitsa katundu pa WhatsApp m'Chingerezi. Wogulitsa tomato wa ku Mitundu kapena ku Nathenje asamale ndi timawu iti: on, by, at ndi in.

"On Friday" ndi Lachisanu lenilenilo. Koma "by Friday" ndiye kuti katundu afike Lachisanu lisanadutse: Lachinayi palibe vuto, Loweruka wachedwa. Ola limayenda ndi at, monga "at 6 am". Mwezi umayenda ndi in, monga "in June".

Kunena za malo, "at Diamphwe bridge" ndi pamlatho penipeni, pomwe "in Lilongwe" ndi mzinda wonse. Wogula akangolemba "in Lilongwe", wamalonda afunse malo enieni asanakweze madengu, chifukwa tomato sadikira.